Kutolera maganizo a mkati mwa nyumba ya maloto anu makoma asanakwere

Ambirife tikamakamba za nyumba ya maloto maganizo amathamangira kunja, denga la malata otani, mpanda wautali bwanji, geti yotani, koma za mkati timangoti tidzaona ikatha. Nde nyumba imathadi, pulasitala wauma, mawaya a magetsi ndi mapaipi alowa kale mkhoma, apa mpomwe munthu amatenga foni kuyamba kusaka zithunzi za pabalaza, wapeza chokongola TV ili pakhoma palibe waya wolendewera olo umodzi, kuyang'ana kwake soketi ili kukhoma lina kuseri kwa chitseko, basi kuitananso mmisiri adzaboole khoma lomwe lapakidwa penti dzana. Ndalama zimathera pamenepo abale anga. Ine ndimati ntchito yotolera maganizo a mkati iyambe pomwe mwangogula poloti, olo mukadali pa lendi poloti ikadali m'mapemphero, chifukwa kutolera maganizo sikulira ndalama, kumangofuna maso, kope ndi kabandulo pang'ono.

Musanatsegule Pinterest, tsamba la pa intaneti losakirapo zithunzi, kapena Facebook tengani kaye kope, lomweli la ana asukulu, mulembe tsiku la banja lanu mmene limayendera kuchokera mbandakucha mpaka kogona. Amadzuka woyamba ndani, madzi osamba amatenthetsa pa chani, ana homuweki amalembera pati, magetsi akathima nsima imaphikidwa kuti, zovala zimachapidwa kuti ndipo mvula ikamata mu Januwale zimayanikidwa pati, abale ochokera kumudzi akabwera kudzakhala sabata yathunthu amagona kuti, matumba a chimanga mukakolola mumawaunjika pati, agogo akabwera angathe kukwera masitepe kapena kulowa m'bafa losambira mokhala lija. Lembaninso zonse zimene zimakunyansani m'nyumba yomwe mukukhala panopa, kaya ndi khitchini yopanda zenera yomwe fungo la usipa limagona mpaka mawa, kaya ndi chimbudzi chomwe chitseko chake chimatsegukira pabalaza alendo ali pompo, lembani osabisa. Zimaoneka ngati sizikugwirizana ndi kukongoletsa nyumba koma mutu wa nkhani ndi umenewu, chifukwa tsamba limeneli ndi lomwe muziyesera nalo chithunzi chilichonse chomwe chakusangalatsani.

Ndikutero chifukwa zithunzi zambiri za pa intaneti zinajambulidwa ku Ulaya ndi ku America, nyumba za anthu awiri opanda alendo ogona, komwe kulibe fumbi la mu Seputembala lija lolowa olo mutatseka mazenera onse, kulibe udzudzu wa malungo. Sofa yoyera mbee, kapeti yokuta chipinda chonse, zenera lalikulu ngati khoma lopanda zitsulo zotchinga akuba, mashelefu a khitchini opanda zitseko mbale zili pamtetete, pachithunzi ndi zokongola zedi koma muziike ku Area 49 kapena ku Machinjiri komwe msewu wafumbi uli pakhomo pomwe muone mmene zikhalire pakatha mwezi. Sindikuti musaziyang'ane ayi, yang'anani ndithu, muli nzeru zambiri mmenemo, koma muziyang'ana mutadziwa kale moyo wanu.

Tsopano pa foni. Pinterest ndi yomwe inapangidwira ntchito imeneyi, mumatsegula akaunti yaulere nkupanga mabodi, chipinda chilichonse bodi yakeyake, pabalaza, khitchini, chipinda chanu, cha ana, bafa, khonde, osati kuponya zonse pamodzi chifukwa pakatha miyezi itatu simudzapezanso kanthu. Posaka mumayenera kulemba mu Chingerezi poti ndi mmene zithunzizo zinalembedwera, ndipo chinsinsi ndi kusalemba mawu otambalala ngati living room basi, zikubweretserani nyumba za mabwana a ku Dubai, lembani mochepetsa monga small living room Kenya, kaya simple kitchen South Africa, kaya tiled floor bedroom, mayiko ngati Kenya, Zambia, Ghana ndi South Africa amamanga ndi mabuloko ndi malata ngati ife, zenera lili ndi zitsulo ngati lathu, nde zomwe mukuona zimatheka. Mukapeza chithunzi chomwe chakufikani pamtima dinani, pansi pake pamabwera zina zofanana nacho, pamenepo mpomwe pamapezeka zabwino. Pinterest imadya data kwambiri, nde dikirani bandulo yausiku kapena wifi ya kuntchito nthawi ya lanchi.

Pa YouTube ndi TikTok sakani anthu omwe akuonetsa nyumba zawo akuyenda ndi kamera chipinda ndi chipinda, vidiyo imaposa chithunzi chifukwa imakuonetsani mtunda wochoka pa sinki kufika pa sitovu, kukula kwa kolido, komanso ngodya zomwe wojambula chithunzi amabisa. Facebook ndi yabwino pa chinthu china, akalipentala athu, owotcherera zitsulo, osoka makatani ndi oyala matailosi ambiri ali ndi mapeji, nde mumaona zomwe manja a kuno angathe kupanga ndi matabwa a kuno. Koma chenjerani, pali ena amaika zithunzi zotola pa intaneti nkumati ndi ntchito yawo, mukaona kabati ya khitchini yonyezimira pazenera pakuoneka chipale chofewa dziwani kuti si ku Ndirande kumeneko. Munthu amene ntchito ndi yakedi sakana kukuuzani komwe anaikhoma kapena kukuonetsani ku shedi kwake ikadali yosapaka vanishi.

Zosunga musadalire sikirinishoti zomwazika mu galari pakati pa zithunzi za ukwati ndi za ana, foni ikabedwa kapena ikafa zonse zapita. Njira yosavuta ndi kupanga gulu la WhatsApp la inu ndi amuna anu kapena akazi anu basi, kapena lanu nokha, nkumatumizamo chithunzi chilichonse ndi mawu pansi pake, mukafuna mumangosaka mawu oti khitchini zonse zatuluka. Zomwe zapambana muzisungenso pa Google Drive kapena pa imelo.

Koma ndinene zoona, maganizo abwino kwambiri sali pa foni, ali m'nyumba za anthu omwe anamanga kale ndipo akhalamo zaka zingapo. Mukapita kukacheza kwa anzanu, kwa achemwali, ku mlaga wa mpingo kapena ku chinkhoswe, tsegulani maso, ndipo ngati ndi munthu womasuka naye mufunseni funso limodzi ili, mukanakhala kuti mukumanganso lero mukanasintha chani? Mudzadabwa mmene anthu amamasukira, wina akuuzani kuti matailosi oyera onyezimira aja amakolopa katatu patsiku ndipo mwana anaterereka nawo, wina akuti sitolo anaichepetsa pano ufa ukugona mu kolido, wina akuti siling'i anaitsitsa kwambiri nde mu Okutobala m'nyumba simukhalika, wina akuyamikira kazenera kakang'ono komwe anaika pamwamba pa chitseko cha kolido kuti masana sayatsa getsi. Nzeru zimenezi munthu anazigula ndi ndalama zake, inu akukupatsani ulele. Pemphani kaye musanajambule, nyumba ya munthu ndi ulemu wake, ndipo chithunzicho chisapezeke pa sitetasi.

Palinso malo ena oti mukadutsako muziima. Amene muli ku Blantyre pitani ku Mandala House, nyumba ija inamangidwa mu 1882 ndipo ikadali chiimire, mukaime pakhonde lake lotambalala lija masana dzuwa likuswa mtengo mumve mmene kumazizirira, anthu akale analibe fani koma ankadziwa kuti khoma likakhala pamthunzi m'nyumba mumazizira, ife lero tikumanga nyumba zobisa denga zopanda khonde kenako nkumadandaula kutentha. Malodge a kunyanja, ku Mangochi, ku Cape Maclear, ku Nkhata Bay, ambiri amakongoletsa ndi zinthu zathu zomwe, mikeka, mphasa pa siling'i, nsungwi, malichero pakhoma, pansi pa simenti yosalala yopaka polishi, neti ya udzudzu yopachikidwa pa felemu ya makona anayi yomwe imaoneka ngati chokongoletsa osati chilango, zonsezi mungazitengere kunyumba pa mtengo wochepa. Mukamadutsa pa Dedza lowani ku Dedza Pottery muone matailosi ojambula pamanja, simungayale nawo nyumba yonse koma ochepa chabe pamwamba pa sinki amasintha khitchini yonse. Ku Mua ku KuNgoni, malo omwe anayambitsa Bambo Claude Boucher mu 1976, kuli zosemasema zomwe zingakuphunzitseni kuti chitseko kapena mzati wa pakhonde ungathe kukhala ndi nkhani yake. Ndipo mipando yathu yoluka ija yomwe imagulitsidwa m'mbali mwa msewu, anthu akunja amaitumiza mpaka ku Cape Town ndi ku London nkuiika m'nyumba zodula, ife timaidutsa kuthamangira sofa ya chikopa chabodza chomwe chimasupuka pakatha zaka ziwiri, zimandipweteka mtima zimenezi.

Muziyendanso m'mahadiweya a ku Limbe kapena ku Old Town ku Lilongwe olo mulibe ndalama m'thumba, kungoona zomwe zikupezeka, matailosi a mtundu wanji, mipope yotani, zogwirira za makabati, nkujambula pamodzi ndi mtengo wake ndi tsiku. Mitengo isintha, tonse tikudziwa mmene kwacha ikuchitira, koma mudziwa kuti ichi chimapezeka kuno ichi mpaka kuitanitsa ku Joni kapena ku Dar es Salaam, ndipo chinthu choitanitsa chikathyoka sipeya yake mudzaisowa.

Zithunzi zikachuluka pamabwera gawo lomwe anthu ambiri amalidumpha, kufunsa chithunzi chilichonse kuti kodi chandikopa apa nchani kwenikweni? Nthawi zambiri si chipinda chonse ayi, mukayang'anitsitsa mupeza kuti ndi kuwala kolowa pazenera, kapena ndi mtundu wa khoma, kapena kungoti mulibe katundu wambiri mmenemo, kapena ndi makatani omwe anawayambira pafupi ndi siling'i kutsika mpaka pansi nde chipinda chikuoneka chachitali. Lembani chinthu chimodzicho pansi pa chithunzi, mwachitsanzo, apa ndakonda shelefu ya pansi pa zenera basi. Mukatero pa zithunzi makumi angapo mudzayamba kuona kuti mukubwereza zinthu zomwezomwezo, mwina paliponse pali thabwa la bulawuni ndi khoma la kirimu, mwina paliponse pali zomera zobiriwira, kumeneko ndiye kukonda kwanu kwenikweni, osati zomwe zili m'fasho chaka chino. Kenako dulani mopanda chisoni, chipinda chilichonse chitsale ndi zithunzi zisanu kapena kuchepera, ndipo chomwe chikutsutsana ndi tsamba la m'kope lija chichoke olo chikhale chokongola bwanji.

Dziwaninso kuti masiku ano zithunzi zambiri pa Pinterest ndi Facebook si nyumba zenizeni, ndi zopangidwa pa kompyuta. Yang'anani bwino, masitepe opanda pogwira omwe sakufika kulikonse, mpope womwe sukuloza mu sinki, mpando wa miyendo yosokonekera, chipinda chopanda soketi kapena switchi olo imodzi. Mungatengepo mtundu wa penti, koma musamuvutitse mmisiri kuti apange chinthu chomwe sichinayambe chakhalapo.

Nkhani ya dzuwa ndiikambe payokha chifukwa palibe chithunzi chomwe chingakuuzeni. Pitani pa poloti panu mmawa, masana ndi cha m'ma 4 koloko madzulo, muone komwe dzuwa likuchokera ndi komwe mphepo ikuombera. Zenera lalikulu loyang'ana kuzambwe limasandutsa chipinda kukhala uvuni mu Okutobala ndi Novembala, mufika usiku khoma likadali lotentha, nde mbali imeneyo ikani bafa, sitolo kapena galaja, kapena muitchinge ndi khonde ndi mitengo. Kuno tili kumwera kwa equator, miyezi yozizira ya Juni ndi Julaye dzuwa limadutsa chakumpoto, choncho zenera loyang'ana kumpoto ndi lomwe limalowetsa kadzuwa kofunda nthawi yachisanu, pomwe malangizo a ku Ulaya ndi ku America amati zenera liyang'ane kumwera, osawatsatira pamenepo, kwawo ndi mbali ina ya dziko. Komanso Mzuzu, Dedza kapena Thyolo komwe kumagwa chiperoni si chimodzimodzi ndi Salima, Karonga kapena Nsanje, kozizira thabwa pansi ndi kakapeti ka pambali pa bedi nkofunika, kotentha mufuna siling'i yokwera, mazenera oyang'anizana kuti mphepo izidutsa, ndi waya wa udzudzu kuti muzigona osatseka.

Khitchini ndi pomwe ndikupemphani muthere nthawi yambiri, chifukwa ndi chipinda chodula komanso chovuta kusintha. Zithunzi za masiku ano zimakonda khitchini yotseguka yolumikizana ndi pabalaza, nzokongola ndipo wophika sakhala yekha, koma ganizani za utaka ukukazingidwa, thelele, nyemba zikubwata maola awiri, fungo lonselo likulowa mu sofa ndi makatani, komanso apongozi ali pabalaza akuona mapoto osatsuka. Mabanja ambiri omwe anaganiza bwino amachita ziwiri, khitchini ya mkati yaukhondo ya tiyi ndi zophika zopepuka, kenako kuseri kakhitchini kena kapena khonde lotchinga mbali lomwe kuli mbaula, mpope ndi sinki yakuya yotsukira mapoto akuluakulu a nsima, nde potolera zithunzi sakaninso za khitchini ya panja imeneyi, isakhale chisakasa chongoganizira mochedwa. Ngati mudzaphikira gasi lembani pomwe silinda idzakhale, pamalo podutsa mphepo, bwinonso kunja mu kakhola kokhoma paipi nkulowa mkati. Kauntala nthawi zambiri imakhala masentimita 90 kuchoka pansi, koma wophika nsima amafuna mphamvu ya phewa povundula, ngati mayi a m'nyumba ndi aafupi yesani kaye ndi tebulo muone pomwe mkono ukumasuka musanauze kalipentala. Makabati apansi pa sinki a chipibodi amafufuma madzi akangodontha pang'ono, ambiri amamanga kauntala ya konkire nkuyala matailosi kenako nkuika zitseko za thabwa, sizioneka ngati za pa Pinterest kwenikweni koma zimakhala zaka. Ndipo sitolo, abale, sitolo musaichepetse, muyeze thumba la makilogalamu 50 muone kuti alowa angati, pakhale mashelefu ndi kazenera ka mpweya, matumba asagone pansi pa simenti. Malo a filiji ayezedwe ndi soketi yake, ndi malo a ndowa kapena mgolo wa madzi poti mipope imauma, ndowa zimenezi zisadzakhale pakati pa njira.

Pabalaza funso loyamba ndi loti anthu angati angakhale pansi tsiku la mwambo, osati tsiku wamba. Kwathu kuno alendo sapangana nawe, nde mmalo mwa sofa imodzi yaikulu yodzaza chipinda ganizani za sofa yapakatikati ndi mipando yopepuka yonyamulika, ndi malo oti mkeka ungayalidwe. Sankhani khoma la TV panopa pa pulani, lisayang'anizane ndi zenera chifukwa masana muzingoona chithunzi chanu pagalasi, ndipo uzani wa magetsi aike masoketi okwanira pamenepo ndi kapaipi kobisa mawaya a dikoda. Ngati mukulota za sola kapena inveta malo a mabatire aganiziridwe lero. Za mitundu, ine ndimakonda makoma odekha kenako mtundu wowala ubwere ndi zinthu zosinthika, mapilo a chitenje, nsalu ya pa tebulo, chithunzi cha pakhoma, chifukwa chitenje mukatopa nacho telala akusokerani china mawa pomwe, koma matailosi ofiira mukhala nawo mpaka adzukulu. Matabwa, mlombwa ndi mbawa ndi okongola komanso olimba koma akusowa ndipo ndi odula, paini ndi wotchipa koma apakidwe mankhwala a chiswe, ndipo wina akakutsatsani mkungudza wa ku Mulanje mukane, mtengo umenewu watsala pang'ono kutheratu ndipo ndi wotetezedwa.

Chipinda chogona sichifuna zambiri. Bedi ya dabulo imakhala pafupifupi masentimita 137 mulifupi, ya queen 152, musiye malo oti munthu adutse mbali zonse ziwiri ndi oti chitseko cha wadiropu chitseguke, muganizire pomwe neti idzapachikidwe makamaka ngati mukufuna fani ya pa siling'i kuti ziwirizi zisalimbane, soketi mbali zonse za bedi, basi. Cha ana musachikongoletse ngati adzakhala a zaka zinayi mpaka kale, ikani ndalama pa tebulo lowerengera ndi getsi labwino. Ku bafa chachikulu ndi matailosi apansi osaterera, pogula athireni timadzi mupondepo kapena mupitsepo dzanja, zenera lotulutsa nthunzi, pansi potsetsereka bwino kulowera ku dzenje la madzi, ndi malo oti ndowa ikhale pansi pa mpope chifukwa tsiku losamba m'ndowa limakwana ndithu olo nyumba ikhale ya mamiliyoni. Chimbudzi cha alendo chikhale choti munthu afikeko osadutsa kuzipinda zogona.

Mtundu wa penti musasankhe pa foni, galasi la foni limanama, olo kakhadi ka mitundu ka mu shopu kamanama pang'ono poti nkakang'ono. Gulani kachitini kakang'ono mupake pakhoma malo okwana mita imodzi mbali zonse, makoti awiri, mudikire kuume, nde mukaone mmawa, masana ndi usiku getsi litayaka. Gireyi yemwe aliyense akupaka masiku anoyu pena amasanduka wabuluu pena ngati simenti yosapaka malinga ndi kuwala kwa chipindacho. Mababu nawonso amasintha zinthu, pa bokosi pamalembedwa nambala, 2700K kapena 3000K ndi kuwala kofunda kwachikasu pang'ono kokomera pabalaza ndi kuchipinda, 6500K ndi koyera kwambiri kokomera khitchini ndi malo ogwirira ntchito. Kolido, khitchini ndi chipinda cha ana pakani penti wochapika, manja a ana sayang'ana kuti khoma ndi latsopano. Matailosi pemphani limodzi kapena gulani limodzi mukaliike pansi kunyumba, mulisiye masiku angapo anthu azipondapo muone mmene limaonetsera fumbi, loyera kwambiri ndi lakuda kwambiri onse amaonetsa, la mtundu wa mchenga kapena lamawangamawanga limabisa. Mukatsimikiza gulani okwanira nthawi imodzi nkuonjezerapo pafupifupi bokosi limodzi pa mabokosi 10 alionse, chifukwa ena amasweka podula ndipo mukadzabwerera ku shopu patapita miyezi mtundu womwewo umakhala utatha kapena wabwera wosiyana pang'ono.

Tepi yoyezera ikhale mnzanu. Chipinda pa pulani chimaoneka chachikulu, maziko akakumbidwa chimaoneka chaching'ono mpaka mtima kugunda, makoma akakwera chimasinthanso, nde musadalire maso. Silabu ikathiridwa tengani choko kapena khala mujambule pansi pomwe padzakhale bedi, sofa, tebulo lodyera, filiji, muyende pakati pake ngati mukukhalamo kale, mutsegule chitseko chongoyerekeza muone ngati chikugunda kanthu, njira yodutsa anthu isachepere masentimita 90. Ngati simunayambe kumanga chitani zomwezo pabwalo ndi zingwe ndi zikhomo. Yezaninso katundu yemwe muli naye kale yemwe simungamutaye, kabati ya malemu amayi, tebulo la paukwati, apeze malo ake pa pulani. Abale omwe muli ku Joni kapena ku UK mukutumiza katundu kumudzi, funsani miyezo ya zitseko ndi zipinda musanagule, ndipo kumbukirani kuti masoketi a kuno ndi a mano atatu amakona ngati a ku Britain pomwe zipangizo za ku South Africa zimabwera ndi mapulagi a mano ozungulira, ngati khitchini yonse idzadzaza ndi za ku Joni uzani wa magetsi aziwe.

Zonsezi zikasonkhana khalani pansi ndi amene mudzakhale naye m'nyumbamo, aliyense asankhe payekha zithunzi zake kenako muziike pamodzi muone pomwe mukugwirizana, ndipo amene amathera nthawi yambiri m'chipinda chimenecho mawu ake alemere, khitchini asalamule munthu amene salowamo. Kenako pitani pa malo osindikizira musindikize tsamba limodzi pa chipinda chilichonse, zithunzi zochepa zija, miyezo, mtundu wa penti ndi nambala yake, dzina la tailosi, muike mu fayilo ya pulasitiki kuti simenti isaononge. Wojambula pulani alione asanamalize pulani, wa magetsi ndi pulambala alione asanaboole khoma, kalipentala alione asanagule thabwa. Kungoonetsa mmisiri chithunzi pa foni kwa mphindi imodzi nkunena kuti ndikufuna chonchi sikukwanira, iye avomera kuti bwana zitheka kenako apanga zomwe anazolowera, koma pepala likakhala pa saiti mumakhala ndi poloza. Mufunseni mwaulemu ngati anapangapo zotere, ndipo akakuuzani kuti izi ndi matabwa athu sizingalimbe mumvereni, amadziwa zomwe chithunzi sichinena.

Popeza ambirife timamanga pang'onopang'ono malinga ndi mmene ndalama yabwerera, pa tsamba lililonse lembani chizindikiro pa zinthu zomwe sizingadikire, kukula ndi malo a mazenera, kutalika kwa siling'i, masoketi ndi maswitchi, mapaipi a madzi otentha olo giza mudzagule patsogolo, kutsetsereka kwa pansi ku bafa, khonde. Zimenezi zichitike bwino nthawi ya kumanga olo zitanthauze kulowa m'nyumba ya simenti pansi yopanda tailosi. Makatani, sofa, magetsi okongola olendewera, makabati apamwamba a khitchini, izi zibwera chimodzichimodzi mutalowa kale, ndipo mukakhalamo nyengo imodzi ya mvula ndi imodzi yotentha musanazigule mupeza kuti zithunzi zina mu fayilo muja mwazichotsa nokha.